Bokosi la Malume pa Bwalo la Ndege

Ine, Serafina Tiago Chakondwa, wa zaka 48, wa m'mudzi wa Chiphole kufupi ndi Fonte Boa, m'boma la Angónia, mlimi komanso wogulitsa kachewere, ndabwera ndekha pano pa komando ya polisi ya Ulongwe lero Lachitatu m'mawa. Palibe amene wandituma, koma ondiletsa ndiye alipo ambiri. Ndabwera kudzanena za imfa ya amuna anga, a Baltazar Bernardo, a zaka 53, amene anamenyedwa Lachinayi la sabata yatha pa bwalo la ndege la kwathu, n'kumwalira Loweruka kuchipatala. Ndinalipo, ndinaona ndi maso angawa, ndipo owamenyawo ndi abale anga.

A Baltazar kwawo ndi ku Domwe. Anabwera kwathu pa chikamwini zaka 27 zapitazo, ndipo tinabereka mwana mmodzi, Yara, amene ali pa banja ku Tete. Ankagwira ntchito ya ugwarda pa bwalo la ndegelo, lomwe ife timalitcha pisita. Ntchito yawo inali kuthamangitsa ng'ombe, mbuzi, ana ndi anthu a njinga ndege ikamabwera, kukwirira maenje a mfuko, ndi kupaka njereza miyala ya m'mphepete kuti woyendetsa ndege aziona polekezera bwalo. Zida zawo zinali mbendera yofiira ndi apito, kachitsulo koimba kaja, kamene kankakhala m'khosi mwawo pa chingwe ngakhale popita kutchalitchi. Ine ndinkawaseka kuti anakwatira awiri, ine ndi apito.

Pisitayo kale inali thengo lomwe ana ankamenyerapo mpira. Kampani ya ndege zing'onozing'ono itabwera, inayamba ndi ndege imodzi pa mwezi, yonyamula mabwana ogula fodya ndi soya. Kenako inakhala ya sabata iliyonse. Pano ndi katatu pa sabata: Lolemba, Lachitatu ndi Loweruka. Chaka chatha anatalikitsa bwalolo kuti pazitera ndege yokulirapo, ndipo potalikitsapo anadula njira yathu ya kumanda. Analonjeza waya wozungulira ndi njira ina yolambalala. Wayayo sindinamuone, njirayo sindinaiponde. Ndege zinachuluka, mimba ya kampani inakula, koma maso oyang'anira bwalo anatsala awiri omwe aja a amuna anga. Kampani inkawatumizira uthenga pa telefoni dzulo lake kuti mawa kukubwera ndege, basi.

Popeza ajenti, apolisi amene akulembawa, si a kuno, ndifotokoze mwambo wathu kuti amvetse zomwe zinachitika. Kwathu bokosi likatuluka pa siwa siliima panjira, ndipo silikhudza pansi mpaka pa dzenje. Onyamula akatopa amalandirana akuyenda, phewa ndi phewa. Akuluakulu amati bokosi likakhudza pansi panjira, mzimu wa malemu umatsalira pomwepo, sufika kumanda, ndipo umabwerera kudzavutitsa mbumba. Ine ndinakulira m'mwambo umenewu, sindikuunyoza. A Baltazar nawonso ankaudziwa bwino lomwe.

Lachiwiri la sabata yatha anamwalira malume anga, a Tarsisio, mlongo wawo wa mayi anga, mwini mbumba yathu. A Baltazar anachita zonse zimene mkamwini amachita pa maliro. Anawaza nkhuni, anatunga madzi pa njinga, anagona panja pa siwa m'chisanu cha mwezi wa Juni chino. Matabwa opangira bokosi atasowa, anatulutsa awo amene ankasungira chitseko cha nyumba yathu. Ndikufuna zimenezi zilembedwe, kuti bokosi lomwe anafera linali la matabwa awo.

Kuika kunali Lachinayi, ndipo Lachinayi si tsiku la ndege. Telefoni yawo ndinali nayo ine, nditaimanga pa chitenje, chifukwa thumba la buluku lawo linali lobooka. Sinalire, ndipo uthenga sunalowe, dzulo lake kapena tsikulo. Telefoniyo ndabwera nayo, ndaipereka kwa ajenti kuti aone okha.

Tinanyamuka pa siwa cha m'ma 11 ola m'mawa. Kunali chifunga chokhuthala, moti mabulugama a kutsidya kwa pisita ankangooneka mitu yokha. Kutsogolo kunali anyamata atatu a kutchalitchi, mmodzi atanyamula mtanda. Pambuyo pawo panali mlongo wanga wamng'ono, Alcides, wa zaka 39, khasu lili paphewa, chifukwa ndiye anachokera kumanda kudzanena kuti dzenje latha. Kenako bokosi, litanyamulidwa ndi amuna asanu ndi mmodzi, kenako amuna ena onse, kenako ife amayi tikuimba. Ine ndinali mumzere woyamba wa amayi, mamita ngati khumi ndi asanu kuchokera pa bokosi.

M'mphepete mwa pisita muli ngalande ya madzi a mvula, yakuya kulekeza m'mawondo, ndipo njira yathu imadutsa pa timitengo toyalidwa pamwamba pake. Bokosi likufika pa timitengo timeneto, ndinaona a Baltazar, amene anali pakati pa amuna, ataima chilili n'kutchera khutu kumwamba. Ine sindinamve kanthu chifukwa cha nyimbo. Mwadzidzidzi anathamangira kutsogolo akuimba apito. Anyamata a mtanda aja anali atalowa kale pabwalo. Anawakoka malaya awiri n'kuwaponyera m'mbuyo, wachitatu anamukankha mpaka anagwera m'ngalande, mtanda n'kutsala pabwalo. Kenako anaima kutsogolo kwa bokosi atatambasula manja. Mawu awo ndikuwakumbuka:

“Imani, abale! Ndege! Ndege ikutera!”

Crimildo, msuweni wanga, mwana woyamba wa malemuwo, ndiye ananyamula kutsogolo kumanzere. Anayankha kuti:

“Lero si tsiku la ndege. Choka apa mkamwini iwe, bambo akudutsa!”

Onyamulawo sanaime. A Baltazar anagwira bokosi ndi manja awiri n'kulikankhira m'mbuyo ndi chifuwa. Amuna awiri a kumbuyo, amene anali akadali pa timitengo, anaterereka n'kugwera m'ngalande. Bokosi linatsetsereka, ngodya ya kumutu inagunda pansi, chivundikiro chinang'ambika pang'ono.

Nthawi yomweyo ndege inatulukira m'chifunga pamwamba pa mabulugama, ili m'munsi kale, n'kutera. Inadutsa kutsogolo kwathu. Kuchokera pa nsonga ya phiko lake kufika pa msana wa amuna anga panali ngati kuchokera pa tebulo lino kufika pakhomo apo, ndipo ajenti ayeza n'kupeza mamita anayi. Mphepo yake inatichotsa maduku kumutu. Gudumu lake linaponda mtanda uja n'kuuthyola pawiri. Akanapanda kukankha bokosilo, ndegeyo ikanapeza anyamata atatu, onyamula asanu ndi mmodzi, ndi Alcides amene, ali pakati pa bwalo. Tsiku limenelo tikanakumba maenje mpaka makasu kutha.

Nyimbo inaduka. Ine ndinkayembekeza kuti wina anena zikomo. A Baltazar anagwada kuti adzutse ngodya ya bokosi ija. Ali chogwada choncho, Crimildo anakuwa kuti:

“Wagwetsa bambo! Mkamwini wagwetsa bambo ngati thumba la kachewere!”

Anatola mwala umodzi mwa miyala yoyera ija ya m'mphepete, yomwe amuna anga anaipaka njereza Lolemba lomwelo, n'kuwagenda pa phewa lamanja. Wachiwiri kugenda anali Valter wokhoma zidebe, amene mwana wake ndi mmodzi mwa anyamata a mtanda amene anakokedwa pabwalo aja. Mwala wake unagunda m'nthiti. Wachitatu anali mkazi, Nércia, mkazi wa Crimildo, amene anachoka pambali panga penipeni. Kenako miyala inachuluka. A Baltazar sanabwezere ndipo sanathawe. Anaphimba mutu ndi manja, akunena mobwerezabwereza kuti, “Pepani, abale, pepani.” Ankapepesa anthu amene anali atangowapulumutsa.

Ine ndinathamanga kuti ndikawagonere pamwamba, koma mayi aang'ono, a Lucinda, mng'ono wawo wa mayi anga, anandigwira chitenje m'chiuno nati, “Usalowepo, Serafina, ndi za amuna izi.” Ndinawaluma dzanja lamanzere mpaka magazi, anandisiya. Ngati akufuna kudzadandaula za dzanjalo abwere, mano anga ndi awa.

Ndisanafike, munthu wa khasu uja analowa pakati pa gulu. Anatembenuza khasu, n'kumenya amuna anga ndi chakumsana kwake, kamodzi, kuseri kwa khutu lamanzere. A Baltazar anagwa chafufumimba, osayankhulanso. Ajenti andifunsa kuti nditchule dzina la munthuyo momveka kuti lilembedwe pamenepa. Ndawapempha kuti alembe kaye zinazi, ndifikako.

Anthu ataona kuti agwa, anabwerera m'mbuyo okha. Manja awo anali oyera ndi njereza. Ena anayamba kupukutira m'mabuluku.

Ndege inali itakaima kumapeto kwa bwalo, mamita ngati mazana atatu kuchokera pamene tinali. Pamenepo panali galimoto yoyera ikudikira kale. Ndikupempha kuti izi zilembedwe bwino: galimotoyo inkadikira. Ndiye kuti kampani inakumbuka kuuza woyendetsa galimoto kuti mabwana akubwera Lachinayi, koma inaiwala munthu amene amachotsa anthu pabwalo. Anatsika anthu anayi, amuna atatu ndi mkazi mmodzi. Anayang'ana kumene kunali gulu, n'kulowa m'galimoto mofulumira, galimoto n'kunyamuka.

Ndinathamangira kundegeko wopanda duku, wopanda nsapato. Woyendetsa ndegeyo anali pakhomo pake. Ndinamugwadira, ndinamuuza m'Chipwitikizi changa chothyokathyoka kuti amene wagona apoyo ndi gwarda wawo, amunyamule apite naye ku Tete, mipando ili yopanda anthu. Ankawadziwa a Baltazar, ankawapatsa moni ndi dzanja nthawi zonse akatera. Anayang'ana gulu lija, anayang'ana ine, anati sangathe popanda chilolezo cha shefi wake, bwana wa kampani. Anatseka chitseko. Dzina lake sindilidziwa, koma ndi wamtali, wa ndevu zometedwa mozungulira kamwa, ndipo nkhope yake nditha kuiloza pakati pa anthu chikwi.

Pobwerera ndinapeza atadzutsa bokosi la malume, atamanga chivundikiro ndi luzi, lili pamapewa. Ndege ija inatembenuka kuti inyamuke. Apa ndiye ndinaona chinthu chimene chimandiotcha mumtima mpaka lero. Anthu aja anaima. Anaima okha m'mphepete mwa bwalo, bokosi lili paphewa, palibe wowaimbira apito, palibe wowatambasulira manja. Anadikira bwinobwino ndege n'kudutsa, n'kukwera m'mwamba, ndiye n'kuwoloka. Ndiye kuti kuima ankakutha. Anayambanso nyimbo pomwe anailekezera, n'kupita kukaika malume, kusiya amuna anga ali gone pa udzu, ine ndili nawo ndekha.

Amene anandithandiza ndi bambo wina wa mudzi wina, amene ankadutsa ndi ngolo ya kachewere. Anatsitsa matumba atatu pansi, tinawagoneka a Baltazar pamwamba pa otsalawo mpaka kumsewu waukulu, ndipo kumeneko tinakwera shapa, minibasi yobwera kuno ku Ulongwe. Dzina la bamboyo sindinafunse, mutu unali utaima. Kuchipatala anatilandira msanga, anachita zomwe akanatha. Dokotala anati fupa la mutu lasweka kuseri kwa khutu, ndipo anati mabala a miyala okha sakanawapha.

Lachisanu masana anatsegula maso kanthawi kochepa. Ndinawayandikira. Anandifunsa kuti:

“Mayi a Yara, ana aja a mtanda, palibe amene yamugunda?”

Ndinati palibe. Anati, “Chabwino.” Sanayankhulenso. Anamwalira Loweruka dzuwa likutuluka. Kuchokera Lachinayi mpaka Loweruka, palibe munthu wa m'mudzi mwathu amene anaponda pa chipatalapo, ngakhale kutumiza phala m'botolo.

Abale awo a ku Domwe anabwera kudzatenga thupi, ndipo tinakawaika kwawo Lamulungu. Ine ndinakana kuti akagone m'manda a kwathu. Sindikanalola kuti bokosi lawo liwoloke bwalo lija pamapewa a anthu omwe aja.

Lolemba ndinabwerera kumudzi. Ndege ya Lolemba inatera monga mwa masiku onse, ngati palibe chinachitika. Shefi wa kampani anafika pakhomo panga ndi mnyamata wina amene akuti ndiye gwarda watsopano. Anati pepani kamodzi, ataimirira, chipewa chili kumutu. Kenako anati nkhaniyi ndi ya kumudzi, kampani siikukhudzidwa, ndipo anapempha mbendera ndi apito kuti apatse mnyamatayo. Ndinamufunsa chifukwa chake sanatumize uthenga wa Lachinayi. Anati afufuza. Mbendera ndinamupatsa, chifukwa ana a m'mudzimo akadali kusewera pabwalo paja, ndipo ana alibe mlandu ndi ine. Apito ndinakana. Ndi uyu ndamuika pa tebulopa, chingwe chake chili ndi magazi. Shefi ameneyu ndikufuna aitanidwe pano, akhale pa benchi yomwe ndakhalayi, afotokoze kuti ndege zochuluka chonchi amaziteretsa bwanji pa njira ya maliro popanda waya. Ngati kuika waya sikutheka, bwalolo litsekedwe, pamere udzu, mfuko zikumbe mpaka kukhuta.

Dzulo Lachiwiri masana anabwera a Lucinda, dzanja lili lomanga ndi nsanza, akukoka mbuzi yaikazi. Anati atumidwa ndi mbumba. Anakhala pa mphasa, anayamba ndi kulira, kenako anati:

“Mwana wanga, zachitikazi ndi za Satana. Linali gulu, ndipo gulu lilibe nkhope. Ukapita ku komando ukatchula yani? Landira mbuziyi, tikambirane kuno kumudzi.”

Ndinawayankha kuti ine gulu sindinalione. Ndinaona Crimildo, ndinaona Valter, ndinaona Nércia, aliyense ndi mphuno yake ndi dzanja lake. Anthu akatola miyala amakhala ndi maina, akamaliza ndiye amasanduka gulu. Ndinadya nawo anthu amenewa, ndinawasambitsira ana awo, ndikuwadziwa ngakhale kayendedwe kawo ali chakumbuyo.

A Lucinda anasiya kulira. Anati:

“Mkamwini ndi mlamba, Serafina, sachedwa kuterereka. Lero alipo, mawa wapita. Koma chibale ndi fupa, sichiola. Ungagulitse mlongo wako chifukwa cha munthu wobwera?”

Ndinati munthu wobwerayo wakhala nafe zaka 27 ndipo sanaterereke, anachita kumuswa mutu. Ndinati ngati chibale sichiola, mlandunso suola. Ndinamasula mbuzi pa mtengo pomwe anaimanga n'kuwaponyera chingwe pamiyendo.

Atafika pa mpanda anatembenuka, n'kunena mawu amene anatumidwa enieniwo:

“Mbumba yati ukakatchula dzina la mlongo wako ku komando, ulibenso mudzi. Tsiku lako likadzafika, palibe adzakukumbire dzenje, palibe adzakunyamule. Udzapita wekha kumanda.”

Mawu amenewa ndi olemera, sindinama. Ndine mkazi wa mbumba imeneyo, munda wanga ndi wa mayi anga, mchombo wanga unakwiriridwa pamenepo, ndipo kwina kopita ndilibe. Ndinakhala pakhonde mpaka madzulo ndikuwaganiza. Ndinaganizanso za Alcides. Pothawa nkhondo, ine ndili ndi zaka khumi, iye ali khanda, mayi ananyamula katundu kumutu, ine n'kubereka iye. Ndinamuwolotsa pa chipata cha malire cha Kalomwe kupita ku Dedza ali kumsana kwanga, nditamutseka pakamwa ndi chala changa kuti asalire. Titabwerera, a Baltazar ndi amene anamulipirira sukulu ku Fonte Boa, ndi amene anakamuimira pa ukwati wake. Lachinayi lija, anyamata a mtanda aja atakokedwa pabwalo, iye ndiye anatsala kutsogolo kwenikweni. Phiko la ndege likanayambira iye.

Chifundo ndachifunafuna mumtima mwanga, sindinachipeze. Chomwe ndapeza ndi mkwiyo, ndipo sindichita nawo manyazi. Ndikufuna Crimildo, Valter ndi Nércia amangidwe. Ndikufuna adzadutse pa msika wa Ulongwe ali m'maunyolo, tsiku la msika, ine nditakhala pa kachewere wanga, ndiwaone bwino. Sindikufuna kuti wina awagende, ngakhale mwala umodzi. Miyala imatha msanga. Ndikufuna akhale m'ndende zaka zambiri, azimva ndege ikudutsa pamwamba pa denga, azikumbuka.

Tsopano lembani dzina lija, ajenti, palokha, ndi zilembo zazikulu. Amene anamenya amuna anga ndi khasu kuseri kwa khutu ndi Alcides Tiago Chakondwa, mlongo wanga, bere limodzi ndi ine. Khasulo analiponya m'chimbudzi chakale cha kuseri kwa nyumba ya mayi athu, Lolemba nditabwerera ndinamuona mkazi wake akuthirapo dothi. Alcides anathawa m'mudzi Loweruka atamva za imfa. Ali pa Kalomwe, akubisala kwa mnzake wonyamula katundu pa njinga, kuseri kwa pamene amakhala osintha ndalama, nyumba ya chitseko chobiriwira. A Lucinda anaulula okha pofuna kundigwetsa mtima, kuti akudikira lole ya kachewere ya mawa Lachinayi kuti awolokere ku Dedza, ndipo akuti ndingokhala chete tsiku limodzi lokha. N'chifukwa chake ndalawira lero. Pa chipata chimenecho ndinamuwolotsapo ine kamodzi. Ulendo uno asawoloke.

Za maliro anga a Lucinda asavutike nazo. Akauze mbumba kuti ndikadzafa, amene adzandinyamule adzanditsitse pansi paliponse pamene watopa, ngakhale pakati pa pisita pomwepo. Ngati n'zoona kuti mzimu umatsalira pamene bokosi lakhudza, ndiye bwino. Ndidzatsala pomwepo, pa njira yawo ya kumanda, ndipo aliyense wa iwo adzandidutsa.

Andiwerengera zonse zalembedwazi m'Chinyanja, ndamva, ndipo palibe mawu amene ndikubweza. Zomwe ndinaona ndi zomwe ndikudziwa ndi zimenezi.

Wopereka umboni: Serafina Tiago Chakondwa ______________________